Lahmacun Wopanda Nyama: Yankho kwa Mayi Amene Buledi Wawo Akutuluka Wonyowa Pakati

Mlungu wathawu ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa mu Lilongwe muno, ndipo popeza vuto lawo ndi lomwenso ena akhala akundidandaulira, ndaona kuti ndibwino ndiwayankhe pano kuti yankholi lithandize ambiri. Iwo analemba motere:

"Chaka chatha ndinapita kukaona mwana wanga ku Johannesburg, ndipo ananditengera kumalo odyera a anthu a ku Turkey kumene ndinadya buledi wopyapyala wopakidwa nyama yogaya pamwamba, amene ankamutcha pizza ya ku Turkey. Panopa adokotala anawaletsa nyama bambo a kunyumba, ndiye ndayesa katatu konse kuphika ndi zamasamba zokha. Nthawi zonse pakati pakutuluka ponyowa ngati phala, m'mbali mukuuma gwa, ndipo zapamwambazo zikungoyoyoka. Kodi ndikulakwitsa pati? Ndiike tchizi kuti zigwirane? Nanga magetsi akathima, zingatheke pa mbaula?"

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha kalata yanu, ndipo bambo ndikuwafunira thanzi labwino. Ndiyambe ndi kukutsimikizirani kuti manja anu alibe vuto, chifukwa zimene mwafotokozazi zimachitikira aliyense amene wachotsa nyama m'chakudyachi popanda kuikamo china chogwira ntchito imene nyamayo inkagwira. Chakudya chimene munadya chija dzina lake ndi lahmacun. M'chilankhulo cha ku Turkey chilembo cha c chimatchulidwa ngati j, choncho pakamwa dzinali limamveka kuti lahmajun, ndipo linachokera ku mawu a Chiarabu otanthauza nyama ndi ufa wokanda. Kwawo kwenikweni ndi kum'mwera chakum'mawa kwa Turkey, makamaka m'mizinda ya Gaziantep ndi Şanlıurfa, komanso kutsidya kwa malire ku Aleppo m'dziko la Syria, ndipo anthu a ku Armenia nawonso amachiwerengera pakati pa zakudya za makolo awo. Dzina lakuti pizza ya ku Turkey linafala kwambiri ku Ulaya, makamaka ku Germany, kumene anthu ambiri a ku Turkey anapita kukagwira ntchito kutsatira pangano la mayiko awiriwa la mu 1961.

Dzina la pizzali ndi limene limasocheretsa ophika ambiri, chifukwa munthu akalimva amaganiza za buledi wokhuthala, msuzi wa tomato pansi, masamba odulidwa zikuluzikulu pamwamba, kenako tchizi. Lahmacun sali choncho. Ndi buledi wopyapyala kuposa chapati, wopakidwa ndiwo zosinjika bwino zimene zimalowerera mu ufa ndi kupsera nawo limodzi, ndipo akapsa amayenera kupindika m'manja osathyoka. Ku Gaziantep, mzinda umene bungwe la UNESCO linauika m'gulu la mizinda yodziwika ndi luso la zakudya mu 2015, mabanja ambiri saphika okha kunyumba. Amakonza ndiwo zopakazo n'kupita nazo kwa wophika buledi wa m'dera lawo, monga momwe ife timanyamulira chimanga kupita nacho kuchigayo, ndipo iye amatambasula ufa, kupaka ndiwozo ndi kuwotcha mu uvuni wamiyala wa nkhuni umene umatentha kupitirira madigiri 350. Pa moto wotere lahmacun amapsa m'mphindi ziwiri kapena zitatu, madzi asanapeze mpata wolowa mu ufa. Uvuni wathu wa magetsi umalekeza pa madigiri 250 kapena kucheperapo, ndiye chimene moto sungathe kutichitira tiyenera kuchichita ndi manja tisanayatse motowo.

Mu lahmacun weniweni nyama imagwira ntchito zitatu. Ophika a kumeneko amasankha nyama ya nkhosa yamafuta, nthawi zina n'kuwonjezera mafuta a kumchira, ndipo amaiwaza ndi mpeni waukulu wokhota wotchedwa zırh mpaka itasalala. Ikafika pa moto, mafuta aja amasungunuka n'kukuta ufa kuti madzi a tomato ndi anyezi asalowemo, komanso amakazinga ndiwozo pomwepo pamwamba pa buledi. Nyama yeniyeniyo imalimba ikamapsa, motero imamanga zonse pamodzi ndi kuzimamatiza ku ufa. Pomaliza, ndi imene imapereka kukoma kozama kuja kumene kumatsala kukhosi. Mukachotsa nyama n'kuwonjezera tomato, anyezi, tsabola wobiriwira ndi bowa wamuwisi, mwachotsa mafuta ndi chomangira, ndipo m'malo mwake mwathira madzi, pakuti mu tomato ndi mu bowa magawo pafupifupi 90 pa 100 alionse ndi madzi. Madzi amenewa ndiwo akunyowetsa pakati pa buledi wanu. Poona kunyowako mumasiya buledi mu uvuni kwa nthawi yaitali kuti aume, ndipo m'mbali mopanda ndiwo ndi mmene mumayamba kuuma gwa pakati pasanapse. Mavuto atatu amene mwatchula aja gwero lake ndi limodzi.

Zimenezi ndinazimvetsa bwino tsiku lina m'khitchini mwa mayi wina wa ku Turkey amene tinkakhala naye moyandikana zaka zapitazo. Ndinamuona akuduladula anyezi wamkulu tizidutswa ting'onoting'ono, kuwaza mchere pang'ono, n'kumusiya kwa mphindi khumi. Kenako anamukulunga m'kansalu koyera, n'kupotokola kansaluko ndi manja onse awiri pamwamba pa kapu, ndipo madzi otuwa amene anatuluka anafika pafupifupi theka la kapuyo. Atatambasula kansalu, anyezi uja anali atasanduka kambulu kakang'ono kouma kosadzaza ngakhale dzanja. Anachita chimodzimodzi ndi tsabola wofiira. Tomato anamusenda, kuchotsa njere ndi madzi onse a m'kati, kudula mnofu wokhawo, n'kuusiya pa sefa kuti uzidontha pamene iye ankakanda ufa. Madzi aja sanataye, anawasungira supu ya madzulo. Mukachita zokhazi basi, ngakhale osasintha china chilichonse, lahmacun wanu asintha kwambiri. Ndikupempheninso kuti musagaye zamasambazi mu blender, chifukwa makinawa amaziphwanya mpaka kusanduka msuzi umene simungathe kuufinya. Mpeni wakuthwa ndi thabwa ndizo zida zoyenera.

Tsopano tione chimene chingalowe m'malo mwa nyama. A ku Turkey akafuna lahmacun wopanda nyama, amene amamutcha etsiz lahmacun, ambiri amagwiritsa ntchito lentils zobiriwira (tinyemba ting'onoting'ono taphwatalala), bowa kapena mtedza wa walnut. Lentils zimapezeka m'masitolo akuluakulu ndi m'mashopu a amwenye, koma mphodza zathu za pamsika zimagwira ntchito yomweyo ndipo ine ndimazikonda kuposa, chifukwa ndi zotsika mtengo ndiponso zimamanga bwino. Pewani lentils zofiira, pakuti zimasungunuka n'kukhala phala. Pa lahmacun khumi tengani magalamu 150 a mphodza zouma, omwe ndi magawo atatu mwa anayi a kapu, muziviike kwa maola angapo, kenako muziwiritse mpaka zitafewa moti zikuphwanyika mukazikanikiza ndi zala koma zisanatumbuke. Mukhuthule madzi onse, muziyale pa lichero kapena pa mbale yaikulu kuti nthunzi ituluke, ndipo zikazizira muphwanye theka lake ndi foloko, theka linalo mulisiye lanjerenjere. Zophwanyazo ndizo zidzamange ndiwo, pamene zanjerezo zidzapatsa mano chotafuna monga imachitira nyama yogaya.

Kukoma kozama kuja kudzachokera ku bowa, ndipo pamenepa ndi pofunika kudekha. Tengani magalamu 300 a bowa, mumudule bwinobwino tizidutswa tofanana ndi njere za mpunga zikuluzikulu, ndipo mumuike m'chiwaya chotentha chopanda mafuta pamodzi ndi mchere pang'ono. Poyamba atulutsa madzi ambiri n'kumaoneka ngati akuwira. Musathamangire kuphula. Pitirizani kutakasa mpaka madzi onse ataphwa ndipo bowa wayamba kumamatira ku chiwaya, ndipo apo ndi pomwe muthire masupuni aakulu awiri a mafuta ndi kukazinga mpaka atasanduka woderapo, akununkhira ngati nyama yowotcha. Adzatsala wochepa kwambiri, mwina gawo limodzi mwa magawo atatu a uja munayamba naye, ndipo mmenemo ndi mmene ziyenera kukhalira. M'nyengo ya dzinja, pamene bowa wa kutchire monga utale ali mbwee m'misewu, mungagwiritse ntchito ameneyo ndipo fungo lake limaposa la bowa wa m'sitolo. Komabe mugule kwa anthu omudziwa bwino, mumutsuke mchenga wonse, ndipo mumuphike mpaka apse ndithu asanafike pa buledi, chifukwa mphindi zochepa za mu uvuni sizokwanira kupsetsa bowa wa kutchire.

Ena adzakuuzani kuti mungogwiritsa ntchito nyama ya soya. Imatheka, ndipo m'kamwa imafanana ndi nyama kuposa mphodza, koma iviikidwe m'madzi otentha, ifinyidwe kwambiri, iwazidwe ndi mpeni, ndipo zokometsera zimene zimabwera nayo m'paketi zisiyidwe pambali, chifukwa fungo lake limaphimba china chilichonse moti simungamvenso tsabola kapena masamba onunkhira a parsley. Mabilinganya ine sindiwaika m'ndiwo zopaka chifukwa nawonso ndi amadzi, koma ali ndi malo ake amene ndifotokoza pa kadyedwe.

Mafuta musawaope mopitirira muyeso. M'ndiwo zopaka za lahmacun khumi mufunika masupuni aakulu asanu kapena asanu ndi imodzi onse pamodzi, kuphatikizapo awiri okazingira bowa aja, kutanthauza kuti buledi mmodzi amalandira pafupifupi theka la supuni. Mafuta a olive ndiwo oyenerera kwambiri, koma a mpendadzuwa amagwiranso ntchito. Kuwonjezera apo, sinjani mumtondo theka la kapu ya mtedza wokazinga pang'ono ndi kuchotsa makoko, koma musausinje mpaka kufika pa chiponde, ukhale wokhakhala kuposa nsinjiro za mu ndiwo. Walnut ndi wodula kuno, ndipo macadamia wolimidwa ku Thyolo, ngati mungamupeze, amalowa bwino m'malo mwake popeza ndi wamafuta ambiri ndipo fungo lake ndi lofatsa. Mtedza wathu wamba umamveka kwambiri m'kamwa, choncho mukasankha umenewo muchepetse kufika pa masupuni aakulu atatu kuti chakudyacho chisasanduke ndiwo zotendera.

Chimene chimapatsa lahmacun mtundu wofiira psuu ndi fungo lake lodziwika si tomato ayi, koma phala la tsabola wofiira lotchedwa biber salçası. Kumapeto kwa chilimwe cha kumeneko, cha mu Ogasiti ndi Sepitembala, amayi a kum'mwera kwa Turkey amagaya tsabola wofiira, kuthira mchere, n'kumuyanika m'mathileyi pamadenga a nyumba kwa masiku angapo mpaka atalimba. Kuno n'kovuta kumupeza, koma mungapange wanu wa tsiku limodzi. Wotchani tsabola wofiira wamkulu atatu pa makala mpaka khungu litada bii, mumuvundikire m'mbale kwa mphindi khumi kuti khungulo lisendeke mosavuta, muchotse njere, musinje, kenako muphike pa moto wochepa ndi mchere pang'ono mukutakasa mpaka mthiko ukamasiya njira pansi pa poto. Ngati nthawi palibe, masupuni aakulu awiri a tomato wa m'chitini wolimba uja ndi supuni yaikulu imodzi ya paprika zikwanira, ndipo paprika amalimidwa konkuno kwathu. Kuwawa kwa tsabola ku Şanlıurfa kumachokera ku isot, tsabola wakuda amene amayanikidwa padzuwa masana ndi kufunditsidwa usiku kuti atuluke thukuta, motero amawawa mofatsa ndi kafungo ka utsi. Kambuzi wathu ndi wolusa kuposa pamenepo ndipo fungo lake limalamulira, choncho kachidutswa kakang'ono n'kokwanira. Muwonjezere supuni yaing'ono imodzi ya cumin, black pepper wogaya pang'ono, ndi mtolo wathunthu wa parsley wouma bwino mukatsuka ndi wodulidwa mosalala. Parsley musamuchepetse, chifukwa popanda iye chakudyachi chimangokhala buledi wa tomato.

Pa nkhani ya anyezi ndi adyo mizinda iwiri ija imasiyana. A ku Gaziantep amaika adyo osaika anyezi, pamene a ku Şanlıurfa amadalira anyezi. Kwa ife amene tikulimbana ndi madzi, njira ya ku Gaziantep ili ndi ubwino woonekeratu, koma popeza tachotsa nyama ndimaona kuti kutsekemera kwa anyezi kumafunikabe. Ine ndimaika anyezi mmodzi wofinyidwa monga ndafotokozera, pamodzi ndi adyo magawo atatu. Chomaliza ndi kowawasa pang'ono. Ophika ena a kumeneko amathira nar ekşisi, omwe ndi madzi a makangaza owiritsidwa mpaka kulimba ngati uchi. Bwemba woviikidwa m'madzi ochepa otentha ndi kusefedwa amapereka kuwawasa kofanana nako, ndipo supuni yaikulu imodzi ya bwemba wolimba imadzutsa mphodza ndi bowa moti munthu sazindikira msanga kuti nyama mulibe.

Sakanizani zonsezi m'mbale imodzi, ndiko kuti mphodza, bowa, mtedza, anyezi, tomato awiri okhetsedwa madzi, tsabola wofiira mmodzi wofinyidwa, phala la tsabola, zokometsera, mafuta otsala ndi supuni yaing'ono imodzi ya mchere, ndipo muzikande ndi dzanja kwa mphindi ziwiri kapena zitatu mpaka zitagwirana. Popeza mulibe nyama yaiwisi, mungathe kulawa ndi kukonza mchere nthawi yomweyo. Kuti mudziwe ngati zakhala bwino, tapani supuni imodzi n'kuiika pa mbale yopendekeka. Ngati madzi akuyenderera kuchokera pansi pake, zikadali zonyowa ndipo muzibwezere m'chiwaya kwa mphindi zochepa. Ngati zikusweka ngati dothi louma mukamazipaka, muwonjezere mafuta pang'ono kapena supuni ya madzi a tomato munasunga aja. Zoyenera zimapakika ngati chiponde chofewa ndipo zimanyezimira mafuta. Zikagona m'furiji usiku umodzi zimakoma kuposa, koma muzitulutse msanga kuti zisafike pa ufa zili zozizira.

Ufa wokanda ndi wosavuta. Tengani magalamu 500 a ufa wa tirigu, omwe ndi makapu anayi osatsendera, supuni yaing'ono imodzi ya yisiti wouma, supuni yaing'ono imodzi ndi theka ya mchere, supuni yaing'ono imodzi ya shuga, masupuni aakulu awiri a mafuta, ndi mamililita 320 a madzi ofunda, omwe ndi kapu imodzi ndi gawo limodzi mwa anayi kupitirirako pang'ono. Kandani kwa mphindi khumi mpaka ufa utasalala ndi kuleka kumata m'manja, muuvundikire kwa ola limodzi, kenako muugawe timibulu khumi ta magalamu pafupifupi 85 kalikonse. Yisiti ndi wochepa dala, ndipo ophika ena a ku Turkey samuika n'komwe, chifukwa cholinga si buledi wofufuma ngati sikono. Timibuluto mutivundikire ndi nsalu yonyowa pang'ono kwa mphindi makumi awiri musanayambe kutambasula. Kupumitsa kumeneku n'kofunika kwambiri, pakuti ufa wongokandidwa kumene umabwerera m'mbuyo ngati mphira mukamautambasula, ndipo wophika akatopa nawo amausiya wokhuthala, zomwe zimachititsa kuti pakati pasapse.

Wazani ufa wouma pa thebulo, ndipo ndi mpini wotambasulira chapati kapena botolo loyera lagalasi tambasulani kambulu kamodzi mpaka kafike kukula kwa mbale yodyera, masentimita 22 mpaka 25, ndi kupyapyala kwa mamilimita awiri. Mukakanyamula n'kuloza kuwindo, mthunzi wa zala zanu uzioneka kuseri kwake. Ikanipo masupuni aakulu awiri odzaza a ndiwo, osapitirira apo, ndipo muzipake ndi nsonga za zala mukukanikiza pang'ono kuti zilowe mu ufa, kufikira m'mphepete mwenimweni. Musasiye mkombero wopanda ndiwo ngati wa pizza, chifukwa umenewo ndi umene umauma gwa. Ndiwo zikhale zochepa moti ufa uzionekera apa ndi apo. Ndikudziwa kuti mtima wa mayi wophikira banja umafuna kudzaza, koma pa chakudya ichi kuchulutsa ndiwo ndiko kumaononga. Chinanso, pakani buledi aliyense pa nthawi imene akulowa pa moto. Mukapakiratu onse khumi n'kuwandandalika kudikira, omalizawo adzakhala atamwa kale madzi.

Ngati mukuphika mu uvuni wa magetsi, ikani thileyi yachitsulo yokhuthala chozondotsa pa shelefu ya pamwamba, mukweze moto mpaka pamapeto, ndipo mudikire mphindi makumi atatu zathunthu ngakhale kanyali kosonyeza kuti uvuni watentha katazima kale. Kanyaliko kamayeza mpweya, pomwe ife tikufuna kuti chitsulo chenichenicho chitenthe, kuti ufa ukangochikhudza pansi pake paume nthawi yomweyo. Kuika buledi pa thileyi yozizira n'kulowetsa zonse pamodzi mu uvuni ndi chifukwa china chachikulu cha kunyowa kumene mukudandaula. Tambasulirani buledi pa pepala lophikira kapena pa kathabwa kowazidwa ufa, mumutsetserekere pa thileyi yotenthayo, ndipo mutseke chitseko msanga. Pa madigiri 250 amapsa m'mphindi zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Wapsa ngati pansi pali timadontho toderako, m'mbali mwayamba kuchita bulauni, koma pakati pakadali popindika.

Pa funso la mbaula, yankho ndi lakuti n'zotheka ndithu, ndipo ndinganene mosakayika kuti lahmacun wa pa makala amaposa wa mu uvuni wofooka, chifukwa moto umafika pa ufa mwachindunji. Mufunika chiwaya chokhuthala chosalala pansi ndi chivundikiro chachitsulo. Dikirani makala ayake mpaka atavala phulusa loyera, opanda lawi, muyale mofanana, ndipo mutenthetse chiwaya chopanda mafuta. Njira yosavuta ndi kuika m'chiwaya ufa wotambasula wopakidwa kale ndiwo, kuvundikira, ndi kudikira mphindi zitatu kapena zinayi. Popeza ndiwo zathu ndi zopsa kale mbali yaikulu, nthunzi ya m'kati imakwanira kumalizitsa. Koma kuti pamwamba pawauke bwino, chitani monga timachitira pophika chigumu: ikani makala oyaka angapo pamwamba pa chivundikiro kuti moto ubwere pansi ndi pamwamba. Kusiyana kwake n'kwakuti chigumu chimafuna moto wofatsa kwa nthawi yaitali, pamene lahmacun amafuna moto waukali kwa kanthawi kochepa, ndipo wa pamwamba uchuluke kuposa wa pansi. Nyamulani m'mphepete ndi mpeni pakatha mphindi ziwiri kuti muone pansi. Ngati pakuda ndiwo zisanatenthe, chotsani makala ena m'mbaula kapena mukweze chiwaya pa timiyala titatu. Ngati chivundikiro chikuchita thukuta m'kati, chipukuteni musanaike buledi wotsatira kuti madzi asadonthere pa ndiwo.

Buledi akachoka pa moto amakhala wolimba pang'ono, ndipo kuti afewe a ku Turkey amasanjikiza awiriawiri, mbali za ndiwo zitayang'anizana, n'kufunditsa nsalu kapena kuika mumphika wovundikira kwa mphindi zochepa. Nthunzi yake yomwe ndi imene imamufewetsa kuti apindike. Podya samudula zidutswazidutswa. Amaika pakati parsley wamuwisi wambiri, tomato wodulidwa, ndi anyezi wodulidwa mopyapyala wofikisidwa ndi mchere ndi sumac, womwe ndi ufa wofiirira wowawasa wa tizipatso touma, kenako amafinyira ndimu, kukulunga ngati mphasa, n'kudya ndi manja. Sumac akasowa, ndimu yokha ikwanira. Ku Gaziantep amakondanso kuikamo mabilinganya owotcha pa makala, osendedwa ndi kuphwanyidwa, ndipo kwa lahmacun wopanda nyama ichi ndi chinthu chimene ndikukulimbikitsani kwambiri, chifukwa kufewa kwake ndi fungo la utsi zimadzaza mpata umene mafuta a nkhosa anasiya. Ngati mbaula yayaka kale, ponyanipo mabilinganya awiri pamene ufa ukupuma. Chakumwa chake ndi ayran, yogati wosungunulidwa ndi madzi ozizira ndi kamchere, ndipo chambiko chosungunulidwa mofananamo chimayenda nacho bwino lomwe.

Za tchizi, pa lahmacun musaike. Tchizi angaphimbe ndiwo n'kutsekera nthunzi m'kati, ndiye kunyowa kuja kungawonjezeke m'malo mochepa, ndipo akazizira buledi sapindikanso bwino. Mphodza zophwanya ndi mafuta zikwanira kumanga. Ngati pakhomo pali okonda tchizi, a ku Turkey ali ndi chakudya china chotchedwa pide, chodziwika kwambiri m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja ya Black Sea monga Samsun ndi Trabzon, ndipo chimenecho chili ndi mitundu yopanda nyama kuyambira kale. Ufa ndi womwewu koma umatambasulidwa motalika ndi mokhuthalako, mamilimita anayi kapena asanu, ndiwo n'kuikidwa pakati, m'mbali n'kupindidwa ndi kutsinidwa kumapeto konse kuwiri kuti chioneke ngati bwato. Mkati mumalowa tchizi wotchedwa kaşar, kapena sipinachi ndi tchizi woyera, nthawi zina ndi dzira loswedwa pamwamba chikatsala pang'ono kupsa, ndipo m'mbali mumapakidwa batala chikangotuluka. Bonongwe wanthete amalowa bwino m'malo mwa sipinachi, malinga afwafwazidwe ndi kufinyidwa kaye, pa chifukwa chomwe chija cha madzi. Pide amafuna mphindi khumi mpaka khumi ndi ziwiri mu uvuni.

Simunanditchulire chifukwa chimene adokotala anawaletsera nyama bambo. Ngati ndi kuthamanga kwa magazi kapena mafuta ochuluka m'thupi, tchizi ndi batala wa pide si zowayenera, ndipo mchere wa mu lahmacun mungauchepetse ndi theka n'kuwonjezera ndimu ndi bwemba, pakuti zowawasa zimathandiza kuti kuchepa kwa mchere kusamveke kwambiri. Ngati ndi vuto la impso kapena matenda a gout, otupitsa ndi kupweteketsa mfundo za m'thupi, mufunse kaye kuchipatala za mphodza, bowa ndi mtedza musanazipange chakudya cha kawirikawiri.

Mukadzayesanso kachinayi, phikani buledi mmodzi yekha poyamba, mumulawe, ndipo muone pansi pake musanatambasule wachiwiri. Akatuluka wotuwa pansi, chitsulo chanu sichinatenthe mokwanira, ndiye mudikirenso mphindi khumi. Akatuluka wopsa pansi koma wonyowa pamwamba, ndiwo zachuluka kapena zikadali ndi madzi. Otsala amasungika m'furiji masiku awiri atakulungidwa bwino, ndipo potenthetsa muwaike m'chiwaya chouma chovundikira kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Mudzandilemberenso kundiuza mmene zayendera, makamaka za pa mbaula, komanso ngati bambo akonda za mphodza kapena za soya.